MALUNGO KU KAFUE: NDALAMA ZIKACHEPA, TIYAMBE NDI CHITI?

Mvula ikayamba kugwa m'mwezi wa Novembala, ife okhala m'tauni ya Kafue timadziwiratu zimene zikubwera. Madzi amaima m'nkhuti zimene anyamata anakumba poumba njerwa, m'misewu yokumbika ndiponso m'mapazi a ng'ombe kudambo. Sipapita masabata ambiri, mabenchi a kukiliniki amadzaza ndi amayi obereka ana otentha thupi. Kaya ndi ku Shikoswe, ku Zambia Compound, ku Kafue Estates kapena kumisasa ya asodzi ku Chanyanya, dandaulo limakhala limodzimodzi: mwana sanagone usiku wonse, akukana kudya ndipo akusanza.

Dzinja lapitali nthendayi inalowa m'nyumba mwanga. Mdzukulu wanga wa zaka 3 anadzuka thupi litatentha ngati mbaula. Mpongozi wanga anati, "Atate, tipite naye kuchipatala." Ine ndinayankha kuti ndi chimfine chabe, ndipo ndinatuma mnyamata kukagula timapiritsi pakantemba. Tinataya masiku awiri. Usiku wachitatu mwana anakomoka, maso atatembenuka, ndipo tinachita kugogoda kwa anansi pakati pa usiku kuti tibwereke ndalama ya galimoto. Anagonekedwa masiku angapo, anamuika magazi, ndipo mwamwayi anachira. Tsiku lotuluka namwino wina anandifunsa modekha, "Kodi agogo, neti imene munalandira ili kuti?" Ndinasowa poyang'ana, pakuti netiyo inali m'sutikesi, isanatulutsidwe n'komwe m'pepala lake. Tinali kuisungira alendo.

Nditakhala pansi ndinawerengera zimene tinaononga: galimoto, chakudya cha wodikirira wodwala, ndi masiku amene amake mwana sanapite kumsika kukagulitsa. Boma nalo linaonongapo bedi, jakisoni, magazi ndi nthawi ya anamwino. Zonsezi zinaposa kutalitali mtengo wa neti imodzi. Tsono ngati banja limodzi lingalakwitse chotere posankha chofunika, nanga dziko lonse, limene odwala ake ndi mamiliyoni, limasankha bwanji?

Thumba ndi limodzi, matenda ndi ambiri

Mayi aliyense amene anapitako kumsika ndi ndalama zochepa amadziwa kusankha. Amayamba wagula ufa, mchere ndi ndiwo, ndipo sopo wonunkhira amadikira mwezi wina. Unduna wa Zaumoyo nawo umakhala pa mayeso omwewo. Thumba limodzi liyenera kugula mankhwala a Edzi, a chifuwa chachikulu, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, kulipira anamwino ndi kumanga zipatala. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Boma lofuna kuchita zonse nthawi imodzi limatha osachita bwino ngakhale chimodzi.

M'chaka cha 1993 banki yaikulu ya dziko lonse, World Bank, inatulutsa lipoti lotchedwa Investing in Health, limene linapatsa maboma njira yowerengera posankha. Njirayo imafunsa kuti nthenda iliyonse ikulanda anthu zaka zingati za moyo wathanzi, powapha msanga kapena powagoneka ndi kuwalumaza. Kenaka imafunsa kuti chithandizo chilichonse chimabweza zaka zingati pa ndalama imene yaonongedwa. Lipotilo linapeza kuti m'maiko osauka, madola 12 pa munthu aliyense pa chaka akanakwanira kupereka chithandizo choyambirira, monga katemera wa ana, uchembere wabwino ndi kuchiza matenda a ana.

Ena anadandaula kuti moyo wa munthu sungaikidwe pa sikelo ngati chimanga, ndipo sanalakwe. Nkhalamba yodwala khansa ili ndi ulemu wofanana ndi wa khanda. Koma kukana kuwerengera sikuchotsa kusankha. Pamene palibe kuwerengera, ndalama zimatsata amene ali ndi mawu okweza, ndipo mwana wa msodzi wa ku Chanyanya sakhala m'gulu limenelo.

Powerengera motere malungo amatulukira pamwamba, chifukwa amapha makamaka ana aang'ono, pamene njira zowapewera ndi zotsika mtengo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ndipo 95 mwa imfa 100 zilizonse zinachitika mu Africa. Mwa omwalira mu Africa muno, atatu mwa anayi alionse anali ana osakwana zaka 5.

Phunziro la ku Luanshya

Dziko lathu lili ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kutsegulidwa ku Luanshya cha m'ma 1920, antchito anali kufa kwambiri, mwakuti mbiri inafala yoti mumtsinje wa Luanshya muli chinjoka chodya anthu, ndipo ambiri anali kuthawa ntchito. M'chaka cha 1929 eni mgodi anaitana katswiri wa malungo, Sir Malcolm Watson, amene anagwirapo ntchito yotere ku Malaya. Iye analangiza kuti alambule magombe a mtsinje kuti madzi aziyenda, akumbe ngalande zoumitsa madambo, athire mafuta pa madzi oima ndi kuika sefa m'mawindo a nyumba.

Akatswiri atatu, Utzinger, Tozan ndi Singer, anafufuza mabuku akale a mgodiwo natulutsa zotsatira zake m'chaka cha 2001. Anapeza kuti pa zaka 3 mpaka 5 zoyambirira, kudwala ndi kufa ndi malungo kunatsika ndi 70 mpaka 95 pa 100 alionse. Anawerengera kuti pa zaka 20 ntchitoyo inapewetsa imfa zoposa 4,000, ndipo imfa iliyonse yopewedwa inadya madola pafupifupi 858. Eni mgodi anaona kuti kuumitsa dambo n'kotchipa kuposa kutaya antchito.

Koma tisafulumire kunena kuti tichite zomwezo kuno. Luanshya ndi kamtsinje kakang'ono. Ife tili m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue, kumunsi kwa chigwa chachikulu chimene chimasefukira chaka ndi chaka, kumene kumadyera ng'ombe ndi kuswana nsomba. Palibe angaumitse chimenecho, ndipo sikungakhale kwanzeru kuyesa. Akatswiri amati kulimbana ndi mphutsi za udzudzu kumapindula kokha kumene malo a madzi ndi ochepa, osasuntha ndiponso osavuta kuwapeza. M'tauni mwathu malo otere ndi nkhuti za njerwa, mipope yodontha ndi ngalande zotsekeka. Kumeneko fosholo ndi khasu zingathandize.

Pano ndikonzeko maganizo amene ambiri tinakula nawo. Malungo sabwera chifukwa chodya nzimbe zosakhwima, mango aawisi kapena kunyowa ndi mvula. Amabwera ndi tizilombo timene udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles umalowetsa m'magazi ukaluma munthu, makamaka usiku. Udzudzu umenewu umaikira mazira m'madzi oima. Suswana m'chimanga kapena mu udzu. Kutchetcha pabwalo n'kwabwino pa ukhondo ndi pothamangitsa njoka, koma amene watchetcha nagona popanda neti sanadziteteze.

Neti: chida chotchipa chimene chachita zambiri

Neti yonyikidwa m'mankhwala imagulidwa ndi madola awiri kapena atatu ikamagulidwa yambiri, imateteza anthu awiri, ndipo ikasamalidwa imatha zaka 3. Imagwira ntchito pawiri: imatchinga wogona, ndipo imapha udzudzu umene watera pa iyo. N'chifukwa chake mudzi wonse ukamagona m'maneti, ngakhale mlonda wogona panja amapindulako, pakuti udzudzu umachepa.

Kafukufuku wophatikiza zoyesa za m'maiko angapo a mu Africa, amene anatuluka mu 2004, anaonetsa kuti maneti amachepetsa imfa za ana ndi 17 pa 100 alionse. Kunena kwina, pa ana 1,000 ogona m'maneti, ana 5 kapena 6 amapulumuka chaka chilichonse. Kafukufuku wina wa mu 2015 anawerengera kuti pakati pa 2000 ndi 2015 Africa inapewa kudwala malungo kokwana 663 miliyoni, ndipo 68 pa 100 alionse a kupewako anachokera ku maneti.

Panali mkangano waukulu wakuti maneti azigulitsidwa kapena aziperekedwa ulere. Amayi ambiri akukumbukira neti ya Mama Safenite imene inali kugulitsidwa pa mtengo wotsika kusikelo ya oyembekezera. Maganizo anali akuti chaulere munthu sachisamala. Akatswiri awiri, Jessica Cohen ndi Pascaline Dupas, anayesa zimenezi m'makiliniki a ku Kenya. Anapeza kuti mtengo utakwera kuchoka pa ulere kufika pa masenti 60 a ku America, amayi otenga neti anachepa kwambiri, koma olandira ulere anali kuigwiritsa ntchito mofanana ndi ogula. Kuyambira mu 2007 bungwe la WHO linalimbikitsa kugawa maneti ulere kwa onse okhala kumene kuli malungo.

Zambia inatsata njira imeneyi. Pakati pa 2006 ndi 2008 maneti 3.6 miliyoni anagawidwa. Kafukufuku wa boma wa mu 2006 anapeza tizilombo ta malungo m'magazi a ana 22 mwa 100 alionse osakwana zaka 5, koma mu 2008 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 10. Mu Epulo 2009 bungwe la WHO linalengeza kuti imfa za malungo zolembedwa m'zipatala za Zambia zatsika ndi 66 pa 100 alionse.

Nanga maneti athu ali kuti? Ukayenda m'makomboni muno umawaona atatchinga dimba la repu ndi kuphimba anapiye. Kumtsinje ena amawasoka pamodzi kukhala khoka. Sindikunyoza msodzi amene ana ake agona ndi njala, pakuti njala ilibe manyazi. Koma maso a neti ndi aang'ono kwambiri, amakokolola mazira ndi tiana ta nsomba, ndipo malamulo a zausodzi amaletsa kugwiritsa ntchito neti yotere. Banja lochita zimenezi limataya pawiri: usiku uno ana alumidwa, chaka chamawa mumtsinje mulibe nsomba.

Kupopera m'nyumba ndi mankhwala ochiza

Njira yachiwiri ndiyo kupopera mankhwala m'makoma a m'nyumba, kumene udzudzu umapumula ukakhuta magazi. Kampani ya Konkola Copper Mines inaiyambitsanso ku Chingola ndi ku Chililabombwe m'chaka cha 2000, ndipo boma linatsatira mu 2003, kuyambira m'matauni a m'njira ya njanji. Njirayi ndi yamphamvu, koma imadya ndalama zambiri kuposa maneti, popeza imafuna anthu ophunzitsidwa, mapampu, magalimoto ndi kubwereza chaka ndi chaka mvula isanagwe. Imapindula nyumba zambiri za m'dera zikapoperedwa. Tsono amene amatseka chitseko nathawa opopera, poopa kutulutsa katundu, amaonongera ndi anansi ake omwe.

Pa mankhwala ochiza, dziko lathu linaphunzira kuti chotchipa pogula sichikhala chotchipa nthawi zonse. Ife akale tinakulira chloroquine, wowawa ndi woyabwitsa thupi uja. Anali wotsika mtengo zedi, koma pofika cha m'ma 1990 tizilombo tinali titamuzolowera, ndipo ana ambiri anali kumwa osachira. Mu 2002 boma linasankha kumusiya, ndipo kuyambira mu 2003 linayamba kupereka Coartem, amene pa nthawiyo anali wodula kwambiri. Zambia inali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Piritsi lotchipa losachiritsa limabweza wodwala kuchipatala kawiri kapena katatu, ndipo mwina kumanda.

Mankhwala odula amafuna kusamala. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Kale aliyense wotentha thupi anali kupatsidwa mankhwala a malungo, ndipo ambiri anali kuonongeka pa anthu odwala zina. Lero pali kachipangizo koyezera dontho la magazi a pachala, kamene kamayankha pa mphindi 15 kapena 20. Mu 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti wodwala ayambe wayezedwa asanalandire mankhwala. Namwino akakuuzani kuti m'magazi mulibe malungo, musakwiye n'kukagula Coartem kumsika, koma funsani kuti afufuze chimene chikutenthetsa thupi. Akapezeka, wodwala amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka mapiritsi onse atatha. Kusungira mwana wina otsala ndiko kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, monga zinachitikira ndi chloroquine.

Njinga za ku Serenje

Kawirikawiri chimene chimapha mwana ndi mtunda ndi kuchedwa. Mu 2017 ndi 2018, m'boma la Serenje munayesedwa ntchito yotchedwa MAMaZ Against Malaria. Anthu odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro zoopsa, kupatsa mwana mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo kuti agwirizize moyo, ndi kumuthamangitsira kuchipatala pa njinga yokoka kabedi. Pa ana odwala malungo aakulu, omwalira anatsika kuchoka pa 8 mwa 100 alionse kufika pochepera pa mmodzi. Sipanamangidwe chipatala chatsopano. Panali njinga, mankhwala otsika mtengo ndi anansi odziwa chochita.

Amayi oyembekezera nawo ali ndi chitetezo chotchipa. Malungo amachepetsa magazi a mayi, amabadwitsa mwana wochepa thupi ndipo nthawi zina amachotsa pakati. Kusikelo amayi amapatsidwa Fansidar miyezi itatu yoyamba ikatha, kosachepera katatu asanachire. Abambo, kuperekeza amayi kusikelo msanga ndi ntchito yanu.

Tsopano kwabweranso katemera. Anayamba kuyesedwa pa ana ambiri mu 2019 ku Malawi, Ghana ndi Kenya, kumene imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayo zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Bungwe la WHO linavomereza katemera woyamba mu 2021 ndi wachiwiri mu 2023, ndipo Zambia inayamba kupereka katemera wa malungo mu 2025, kuyambira m'maboma amene nthendayi yakula kwambiri. Katemerayu amachepetsa ngozi koma satchinga kotheratu, choncho mwana wobayidwa ayenerabe kugona m'neti.

Thandizo likachepa

Nkhondoyi sitinapambane. Boma linalonjeza kuthetsa malungo pofika 2021, koma chakacho chinadutsa nthenda ikadalipo, ndipo mu 2023 zipatala zinalemba kudwala malungo koposa 11 miliyoni. Udzudzu wayamba kupirira mankhwala akale a m'maneti, ndipo maneti atsopano okhala ndi mankhwala a mitundu iwiri ndi odulirapo. Gawo lalikulu la maneti ndi mankhwala athu lakhala likulipiridwa ndi abwenzi akunja, makamaka Global Fund ndi boma la America. Mu 2025 America inachepetsa thandizo lake ku maiko ambiri, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kazembe wake ku Lusaka, Michael Gonzales, analengeza kuti achotsa madola 50 miliyoni pa chaka pa thandizo la mankhwala chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa ulere. Amene amagula mankhwala a boma kuseri adziwe kuti akuthandiza kutseka mpope umene ana ake omwe amamwapo.

Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti gawo la 15 pa 100 alionse a ndalama za boma lizipita ku zaumoyo. Ndi maiko ochepa amene anakwaniritsa. Tili ndi ufulu wofunsa aphungu ndi makhansala athu za lonjezo limeneli. Tikumbukirenso kuti nthenda yaphokoso imakopa maso kuposa yachete. Kolera ya mu 2023 ndi 2024, imene inapha anthu oposa 700, inatseketsa masukulu ndi kusandutsa bwalo la National Heroes chipatala, ndipo kunali koyenera kutero. Koma malungo amapha oposa pamenepo chaka chilichonse, mmodzimmodzi, m'nyumba zobalalika, popanda wailesi kulengeza.

Kusankha bwino kumawawa nthawi zina. Chigawo cha Lusaka, mmene muli Kafue, chili ndi malungo ochepa poyerekeza ndi Luapula. Ndalama zikachepa, n'zotheka kuti opopera kapena katemera afike kumeneko ife tisanalandire. Tisanadandaule tikumbukire kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Kwacha imodzi imapulumutsa ana ambiri kumene nthenda yafala kwambiri. Chimene tiyenera kufuna kwa boma ndi chakuti lizitiuza poyera mmene lasankhira ndi chifukwa chake.

Gawo lathu

Awerengi okondedwa, zambiri mwa zimene zatchulidwazi zili m'manja mwathu ndipo sizifuna ngwee. Neti imangidwe ndi kugonedwa usiku uliwonse, chilimwe ndi dzinja lomwe. Maneti akaperewera pabanja, ayambe ndi mayi woyembekezera ndi ana aang'ono, bambo adikire. Ikabooka isokedwe, ichapidwe ndi sopo wamba ndi kuyanikidwa pamthunzi. Mwana akatentha thupi apite kukayezedwa tsiku lomwelo, ndipo kuyambira mu 2012 chithandizo choyambirira m'makiliniki a boma sichilipiritsidwa. Akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena zikhatho zikayera, musadikire kuti kuche. M'miphakati ndi m'makomiti a zaumoyo a m'madera tingagwirizane kukwirira nkhuti, kudziwa nyumba zimene zilibe neti ndi kusunga kathumba ka galimoto ya usiku. Mutu umodzi susenza denga.

Kwathu neti ija inatuluka m'sutikesi tsiku lomwe mdzukulu wanga anabwera kuchokera kuchipatala. Ndinakhoma ndekha misomali inayi, mpongozi wanga akundigwirira mpando. Alendo akabwera timawauza kuti abwere ndi yawo. Madzulo alionse mwanayo salola kugona mpaka agogo ake atapisa m'mphepete mwa neti kunsi kwa matiresi.